Khomo la 3389 Likhale Chitsekere

Anzanga owerenga, pa msonkhano wotsiriza wa Kalabu ya Makompyuta teremu yathayi panabuka nkhani imene sinathe bwino, chifukwa belu la chakudya cha madzulo linalira ine ndisanatsirize kulankhula, ndipo nonse mudziwa kuti pa sukulu yogonera pompo palibe mnyamata amene angasiye nsima ndi nyemba kuti amvere mtsutso. Chifukwa cha ichi ndapempha Akonzi a magazini ino kuti andipatseko malo pang'ono, nditsirize mau anga pa pepala, pamene belu silingathe kundidula pakamwa.

Nkhani yake ndi iyi. Mu ofesi ya sukulu yathu muli kompyuta imene imasunga maina a ophunzira tonse, malikisi a mayeso athu, ndiponso kaundula wa fizi imene makolo athu alipira ndi imene sanalipire. Aphunzitsi athu ena kwao ndi kutali, ndipo pa tchuthi amavutika kukwera minibasi kudza kuno kudzangolemba malikisi a kalasi limodzi. Tsono anafunsa a m'kalabu ngati pali njira yoti munthu agwiritse ntchito kompyuta ya mu ofesi ali kunyumba kwake. Mnzanga wina wa Fomu 4, mnyamata wochenjera ndithu amene amandiposa pa masamu, anaimirira nati, "N'zosavuta. Tilowe mu rauta, titsekule port 3389, tiilozetse ku kompyuta ya mu ofesi, basi." Onse anaomba m'manja. Ine ndekha ndinakana, ndipo ena anandiseka nati ndine wamantha.

Maganizo anga sanasinthe. Ndikhulupirira kuti aphunzitsi athu ayenera kuthandizidwa, koma khomo limenelo tisalitsekulire dziko lonse lapansi, pakuti ilipo njira ina yabwino koposa. Ndiloleni ndifotokoze mwa tsatanetsatane, kuti ngakhale ang'ono athu a Fomu 1 amve ndi kudziweruzira okha.

Mu Windows muli chinthu chotchedwa Remote Desktop, chimene anachipanga a Microsoft. Ntchito yake ndi yakuti munthu ali kutali aone pa kompyuta yake zonse zimene zili pa kompyuta ina, ndipo akagwedeza mausi kapena kulemba pa kiyibodi, kompyuta ya kutali ija imamvera. Kunena mwachidule, munthuyo ali ngati wakhala pa mpando wa mu ofesi, ngakhale thupi lake lili kumudzi. Angathe kutsekula mafailo, kuwasintha, kuwakopera, ngakhale kuwafafaniza. Ichi ndi chinthu chokoma kwambiri chikakhala m'manja mwa mwini wake.

Tsono uthenga umapeza bwanji kompyuta imene uli kuifuna? Chilichonse cholumikizidwa ku intaneti chili ndi adiresi yake ya manambala, yotchedwa IP. Koma adiresi yokha siikwana, monga momwe kalata yolembedwa dzina la sukulu lokha singadziwike kuti ndi ya yani. Motero pa adiresi iliyonse pali makomo a manambala, amene akatswiri amawatcha ma port, ndipo onse pamodzi alipo 65,536, kuyambira 0 kufikira 65535. Masamba a pa intaneti amadzera pa khomo la 80 ndi la 443. Remote Desktop imadikira alendo ake pa khomo la 3389. Nambala imeneyi si chinsinsi ayi. Yalembedwa m'mabuku, ndipo aliyense wodziwa makompyuta, wabwino ndi woipa yemwe, amaidziwa.

Makompyuta onse a pa sukulu pano ali ndi ma adiresi a m'kati, monga 192.168.1.10, amene anthu a kunja sangawaone. Dziko limaona adiresi imodzi yokha, ya rauta, kabokosi kaja kothwanima timagetsi mu ofesi. M'kabokosi komweko muli mlonda wotchedwa firewall, ndipo lamulo lake lifanana ndi la agogo athu a pa geti. Wa m'kati akatuma uthenga kunja, yankho lake limaloledwa kulowa, monga mwana wa sukulu amene anatuluka ndi chilolezo amaloledwa kubwerera. Koma mlendo amene sanaitanidwe ndi munthu aliyense amabwezedwa pa chipata pomwepo. Ndi chifukwa chake mphunzitsi ali kunyumba sangathe kuifika kompyuta ya mu ofesi: kwa mlonda uja, iye ndi mlendo wosaitanidwa.

Chimene mnzanga uja anafuna chimatchedwa port forwarding, ndipo kachitidwe kake ndikadziwa inenso. Poyamba umaipatsa kompyuta ya mu ofesi adiresi ya m'kati yosasintha, kuti mawa isapezeke yasamukira pa nambala ina. Kenaka umayatsa Remote Desktop, ndipo apa pafunika Windows ya mtundu wa Pro, pakuti ya Home silandira alendo otere. Potsiriza umalowa mu rauta ndi kulemba lamulo limodzi lakuti uthenga uliwonse wofika pa khomo la 3389 upite ku adiresi ya kompyuta ija. Ntchito yonse singapitirire nthawi imene timathera pa mzere wa phala. Mnzangayo sananame ponena kuti n'zosavuta.

Komatu tamverani bwino lamulo limene tapatsa mlonda. Sitinanene kuti, "Aphunzitsi akafika uwalowetse." Tanena kuti, "Aliyense amene afika nafunsa khomo la 3389, usamufunse kumene achokera, umuperekeze mpaka pa chitseko cha ofesi." Mau akuti aliyense ndiwo agona nkhani yonse. Kuyambira nthawi imeneyo, chimene chatsala pakati pa mlendo ndi malikisi athu ndi dzina ndi pasiwedi basi.

Ife a m'hositelo tiyenera kuimva nkhani imeneyi msanga koposa ena, pakuti tonse tikumbukira chiboo chija chinali pa mpanda kuseri kwa mabafa. Amene anachiboola sanali mbala ayi. Anali munthu wa njala chabe, wofuna zitumbuwa popanda kuzungulira ku geti. Masiku oyamba chinatikomera tonse. Pambuyo pake zinayamba kulowerapo mbuzi, ndipo posakhalitsa malaya ndi nsapato zoyanika pa chingwe zinayamba kusowa usiku. Chiboo sichidziwa nkhope ya amene anachiboola. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo ife tinalira zitumbuwa, tinalandira ndi akuba omwe.

Wina adzati, "Koma intaneti ndi yaikulu, ndani angapeze kachiboo kathu?" Apa ndipo pamene ambiri amanyengeka. Ma adiresi a mtundu wakale wa IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni, ndipo nambalayi ioneka yaikulu kwa munthu, koma kwa makina ndi yaing'ono. M'chaka cha 2013 akatswiri a pa University of Michigan ku America anatulutsa pulogalamu yotchedwa ZMap, imene inatha kugogoda pa khomo limodzi la ma adiresi onsewo m'mphindi zosakwana 45. Ndiponso kuyambira 2009 pakhala tsamba lotchedwa Shodan, limene limasonkhanitsa mndandanda wa makina okhala ndi makomo otsekula, kuti munthu angofufuzamo monga timafufuzira mau mu dikishonale. Chotero mbala siichita kudziwa dzina la sukulu yathu kapena dziko limene tili. Makina ake amangoyenda khomo ndi khomo, usana ndi usiku, osatopa, kuyesa chitseko chilichonse.

Izi sindinangoziwerenga chabe, ndinaziona ndi maso anga. Amalume anga ali ndi kasitolo ka zipangizo zomangira m'tauni, ndipo amasunga ngongole za makasitomala ao mu kompyuta. Mnyamata wina wokonza makompyuta anawatsekulira khomo lomweli la 3389, kuti aziona mabuku ao ali kunyumba. Pa tchuthi chapitacho ndinali kuwathandiza m'sitolomo, ndipo tsiku lina, mwa chidwi chabe, ndinatsekula Event Viewer, kumene Windows imalemba zonse zochitika. Kumeneko munthu akalephera kulowa chifukwa cha pasiwedi yolakwa, pamalembedwa nambala 4625. Anzanga, ndinapeza mizere ya 4625 yotsatana yosatha kuiwerenga, ina yolembedwa pakati pa usiku, sitolo ili yotseka ndipo Amalume ali m'tulo. Maina amene anali kuyesedwa anali monga administrator, admin, user ndi guest.

Ndinathamanga kukawauza kuti, "Amalume, pali anthu ali kuyesa loko wanu usiku wonse." Iwo anaseka nati, "Mphwanga, ndani angafune kompyuta ya ine wogulitsa misomali?" Koma nditawaonetsa mizere ija, ndi kuwafunsa pasiwedi yao, imene inali dzina la mwana wao wotsiriza ndi chaka chake chobadwa, kuseka kunatha. Tinatseka khomolo tsiku lomwelo. Palibe chimene chinabedwa, koma sindinganene kuti tinapulumuka chifukwa cha nzeru. Unali mwai chabe kuti makina aja anali asanafike pa dzina la msuweni wanga.

Funso la Amalume ndi limenenso anandifunsa anzanga m'kalabu: sukulu yosauka ngati yathu ili ndi chiyani choti mbala isirire? Yankho ndi lakuti mbala za masiku ano siziba katundu kuti zikagulitse ku msika. Zikalowa, zimathira pulogalamu yotchedwa ransomware, imene imamanga mafailo onse kuti mwini wake asathe kuwawerenga, ndipo zimasiya kalata yofuna ndalama. Malikisi a Fomu 4 alibe mtengo kwa munthu wa kutsidya kwa nyanja, koma iye adziwa kuti kwa ife ali ndi mtengo, ndipo n'chokhacho chimene afuna. Ena akalowa amagulitsa pasiwediyo kwa anzao, ndipo ena amaisandutsa kompyutayo kapolo woukira nayo anthu ena.

Mnzanga uja anati, "Tidzaika pasiwedi yolimba." Ndivomera kuti ichi ndi chabwino, koma mbiri itiphunzitsa kuti nthawi zina chitseko chenichenicho chimakhala chofumbwa, ndipo loko wabwino sathandiza. Mu Meyi 2019 a Microsoft analengeza za chilema chachikulu mu Remote Desktop ya Windows zakale, monga Windows 7 ndi Windows XP, chimene chinatchedwa BlueKeep. Ndi chilema chimenechi munthu akanatha kulanda kompyuta popanda pasiwedi iliyonse. Chinali choopsa kotero kuti kampaniyo inatulutsa chigamba ngakhale cha Windows XP, imene inali itasiya kuisamala mu 2014. Zaka ziwiri izi zisanachitike, mu Meyi 2017, kachirombo kotchedwa WannaCry kanafalikira m'maiko oposa 150 podzera pa khomo lina, la 445, ndipo ku Britain zipatala zina zinabweza odwala chifukwa makompyuta ao anamangidwa. Ngati zipatala za dziko lolemera zinagwa motero, nanga ife amene makompyuta athu ena ndi a mphatso, okalamba kuposa ana a Fomu 1, tidzalimba bwanji?

Winanso anati, "Tisinthe nambala. Kunja tiike khomo la 50000, m'kati lipite ku 3389, ndipo akuba sadzalipeza." Nzeru imeneyi ifanana ndi kubisa kiyi pansi pa mwala wa pakhomo. Ichepetsadi ogogoda a ulesi amene amayesa 3389 yokha, koma makina ena amayesa makomo onse, ndipo khomo likayankha amazindikira msanga kuti woyankhayo ndi Remote Desktop, monga timazindikira mau a mnzathu mu mdima. Kusintha nambala sikuika loko wina pa chitseko.

Palinso china chimene anzanga sanachiganizire. Makampani ambiri a intaneti ya pa foni amagawira makasitomala ambirimbiri adiresi imodzi ya kunja. Zikatero, lamulo lolembedwa mu rauta yathu siligwira ntchito konse, pakuti mlendo amabwezedwa pa chipata cha kampani asanafike pa chathu. Kuti zitheke pafunika kupempha adiresi yathuyathu, ndipo kawirikawiri imeneyo ndi yolipira. Kodi n'kwanzeru kuti sukulu ilipire ndalama kuti igule ngozi?

Tsono musandiyese munthu wongokana wopanda njira ina. Vuto la aphunzitsi athu ndi lenileni, ndipo ndalama ya minibasi siitoledwa pansi. Njira imene ndiipempha ndi yotchedwa VPN. Imeneyi ili ngati kanjira kofoleredwa kochokera ku kompyuta ya mphunzitsi kufika m'kati mwa mpanda wathu, ndipo munthu aliyense wololedwa amapatsidwa kiyi yakeyake. Akalowa m'kanjirako amakhala ngati ali pa sukulu pano, ndipo pamenepo ndipo amatsekula Remote Desktop, khomo la 3389 lili chitsekere kwa anthu a kunja. Mapulogalamu ake, monga WireGuard ndi OpenVPN, ndi aulere, ndipo ma rauta ena amabwera nawo kale. Ndinene zoona kuti VPN nayonso imafuna khomo limodzi lotsekula pa firewall. Koma kusiyana kwake ndi kwakukulu. Remote Desktop imayankha aliyense wogogoda, pamene WireGuard siyankha kanthu kwa munthu wopanda kiyi, kotero kuti wogogodayo amayesa kuti wagogoda pa khoma. Ndiponso mphunzitsi akasamutsidwa kapena laputopu yake ikabedwa, timangofafaniza kiyi yake yokha, osavutitsa ena.

Ngakhale VPN si mankhwala a matsenga ayi. Mu Meyi 2021 kampani ya ku America yotchedwa Colonial Pipeline, yoyendetsa mafuta a galimoto m'mipope, inaimitsa ntchito kwa masiku angapo ndi kulipira akuba ndalama pafupifupi madola 4.4 miliyoni. Akubawo analowera pa akaunti yakale ya VPN imene sinatsekedwe, yotetezedwa ndi pasiwedi yokha. Phunziro lake ndi lakuti akaunti zosagwiritsidwa ntchito zizifafanizidwa, ndipo kumene kuli kotheka pakhale umboni wachiwiri, monga nambala yobwera pa foni ya mwini wake, kuti wakuba pasiwedi asalowe ndi pasiwedi yokhayo.

Koma ngati akuluakulu aona kuti VPN siitheka, ndipo khomo la 3389 liyenera kutsekulidwa ndithu, ndipempha kuti zinthu izi zisasiyidwe. Choyamba, lamulo la pa firewall lilole ma adiresi odziwika okha, osati aliyense. Chachiwiri, pa kompyutayo payatsidwe Network Level Authentication, imene imafuna kuti mlendo atsimikize dzina ndi pasiwedi asanaonetsedwe chilichonse. Chachitatu, akaunti izidzitseka yokha munthu akalakwitsa pasiwedi kangapo. Windows 11 yatsopano, kuyambira 2022, imatero kwa mphindi 10 munthu akalakwitsa maulendo 10, koma pa Windows zakale pamafunika kuchiika ndi manja. Chachinai, kompyutayo izilandira zigamba zonse, ndipo isakhale ya Windows 7, imene inasiya kusamalidwa mu Januwale 2020. Chachisanu, mafailo onse azikoperedwa pa disiki ina sabata ndi sabata, ndipo disikiyo izizulidwa ndi kutsekeredwa m'kabati, pakuti ransomware imamanga ndi disiki yomwe ikaipeza ili yolumikizidwa. Chotsiriza, pakhale munthu mmodzi wodziwika amene aziwerenga Event Viewer, ndi kutseka khomolo tsiku lotsekulira sukulu. Makomo ambiri amatsekulidwa ndi mau akuti "kwa sabata imodzi yokha," ndipo amakhala chitsekulire zaka, chifukwa wotsekulayo anaiwala kapena anachoka. Ife a Fomu 4 tili kuchoka chaka chomwe chino tikatha mayeso a MSCE. Kodi adzakumbukira ndani lamulo limene tinalemba mu rauta?

Anzanga, chimene chandivuta mumtima si makina ayi, koma zimene zili m'katimo. Mu kompyuta ija muli dzina langa ndi lanu, maina a midzi yathu, ndi manambala a foni a makolo athu. Mwalembedwanso kuti bambo a uje sanatsirize fizi ya teremu yachiwiri, chinthu chimene mnzathuyo sanauze ngakhale wogona naye bedi loyandikana. Makolo athu anapereka zinthu zimenezi ku ofesi pokhulupirira kuti zidzasungidwa, ndipo palibe anawafunsa ngati alola kuti ziikidwe kuseri kwa pasiwedi imodzi pamaso pa dziko lonse. Ena a iwo anagulitsa fodya, mtedza kapena mbuzi kuti tikhale pano. Kaundula wa fizi atamangidwa lero, mai wa kumudzi amene risiti yake inanyowa ndi mvula adzatsimikiza ndi chiyani kuti analipira?

Kwa mnzanga wa masamu uja ndilibe naye mangawa. Anafuna kuthandiza aphunzitsi, monganso ine, ndipo njira yake ndi imene yalembedwa m'malangizo ambiri. Tisiyana pa chinthu chimodzi chokha: iye anaganizira za amene tifuna kuti alowe, ine ndaganizira za amene sitinawaitane. Ndimupempha kuti Loweruka likudzali, tikatha ntchito ya manja, tikhale pamodzi ndi aphunzitsi oyang'anira kalabu, tiyese kuika WireGuard pa kompyuta ina yakale ya m'chipinda chophunzirira, imene mulibe kanthu kofunika. Ikagwira bwino ntchito, tidzapita nayo kwa a Mphunzitsi Wamkulu kuti iwo aweruze. Ikatikanika, tidzafunsa odziwa kutiposa, pakuti safunsa anadya phula. Idzatitengera masana onse, osati mphindi zisanu, ndipo mwina tidzasemphana ndi mpira. Koma kufikira tsiku limenelo, ndipempha mwaulemu kuti khomo la 3389 likhale chitsekere.

Wanu wa m'Kalabu ya Makompyuta, Fomu 4